MAZIKO SAONEKA, KOMA NDIWO ASENZA NYUMBA

Aliyense woyenda m'misewu ya ku Natuseko, m'tauni ya Kabwe, angathe kuona kuti anthu ali pakalikiliki womanga. Apa pali mulu wa mcenga, apo mabuloko ayalidwa padzuwa, uko nyumba yafika pamazenera ndipo ikudikira kuti mwini wake apeze ndalama za malata. M'maparishi mwathu namonso nkhani ya zomanga siisowa pamisonkhano: holo ya acinyamata, nyumba ya ansembe, mpanda, kapena kukulitsa chalichi cimene cacepa cifukwa Akristu aculuka. Zonsezi n'zokondweretsa. Koma pali munthu wina amene kawirikawiri timamuiwala tikamagawa ndalama za nchito yotere, ndiye injiniya woona za kulimba kwa zomanga. Mwezi uno tafuna kuti tikambirane za nchito yake, cifukwa ikhudza moyo wa mabanja athu, dziko limene Mulungu anatibwereka, ndiponso tsogolo la ana athu amene ali pasukulu.

Kodi nchito yake ndi yotani?

Wojambula pulani amatiuza mmene nyumba idzaonekera, kumene kudzakhala khomo ndi kukula kwa zipinda. Mmisiri womanga ndiye agwira njerwa ndi simenti. Pakati pa awiriwa pali injiniya, amene amawerengera kulemera konse kumene nyumbayo idzasenza: denga, zipupa, anthu okhalamo, thanki ya madzi, ngakhale mphamvu ya mphepo ya mkuntho. Akatero amalondola kulemerako kucokera pamwamba mpaka kukafika m'nthaka, ndi kunena kuti maziko akumbidwe mozama bwanji, nsanamira zikule motani, ndipo zitsulo zolowa m'konkiriti zikhale zingati ndi zonenepa bwanji.

Mainjiniya ambiri otere amagwira nchito m'makampani a uphungu. Makampani amenewa sagulitsa simenti ndipo samanga okha. Cimene amagulitsa ndi nzeru, ndipo amaimira mwini nyumba poyang'anira kontrakitala kuti asabe zipangizo kapena kudumpha zimene zinalembedwa. Injiniya akasaina pulani, waika dzina lake ndi cikumbumtima cake pa miyoyo ya anthu amene mwina sadzawaona n'komwe.

Nchito imeneyi si yacilendo m'dziko lathu. Mlatho wa pa Victoria Falls, umene unatha kumangidwa mu 1905, unalinganizidwa ndi George Hobson wa kampani ya uphungu ya Sir Douglas Fox and Partners ya ku London. Mnyamata wina wa m'kampaniyo, Ralph Freeman, ndiye anacita masamu ambiri a mlathowo, ndipo pambuyo pake anachuka ndi mlatho waukulu wa ku Sydney. Njanji imene inadutsa pamlatho wa pa Zambezi inafika kuno ku Kabwe mu 1906, nthawi imeneyo kukuchedwa Broken Hill. Papita zaka zoposa 100, koma sitima zikali kuwoloka pomwepo. Umu ndi mmene masamu olungama amakhalira: mwini wake amafa, nchito yake n'kutsala ikutumikira anthu.

Phunziro la mgodi wathu

Ife a ku Kabwe tidziwanso mbali ina ya nkhaniyi, yowawa. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kuno mu 1902, ndipo mgodi unagwira nchito zaka pafupifupi 90 mpaka pamene unatsekedwa mu 1994. Unabweretsa nchito, njanji, ndi magetsi a ku damu la Mulungushi limene linatsegulidwa mu 1925. Akatswiri a masiku amenewo anadziwa kukumba pansi ndi kusungunula miyala, koma funso lakuti zinyalala za mgodi zidzatha bwanji silinayankhidwe. Mpaka lero mulu waukulu wa zotsalira, umene anthu amaucha Black Mountain, uli ciimire, ndipo fumbi la mtovu linalowa m'nthaka ya makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosaopsa, ndipo amene avulala koposa ndi ana aang'ono, pakuti mtovu umaononga ubongo umene ukali kukula.

Natuseko ali kutali pang'ono ndi mgodi kuyerekeza ndi makomboni amenewa, koma fumbi ndi malole onyamula dothi sizidziwa malire a komboni. Ndiponso ana a ku Kasanda ndi athu omwe, timakumana nawo pa Misa ndi pa zikondwerero za dayosizi yathu.

Mu 2016 Banki ya Dziko Lonse inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yothandiza kukonza malo oonongeka ndi migodi m'Zambia, ndipo Kabwe anali pakati pa matauni ofunika kwambiri m'nchitoyo. Njira zimene zagwiritsidwa nchito pochinga mtovu ndi za mainjiniya: kukwirira nthaka yoipa ndi dothi labwino, kuyala timabuloko pamabwalo kuti fumbi lisauluke, ndi kukonza ngalande yocokera kumgodi. Mtengo wa kukonza ndi waukulu kopambana mtengo umene ukanalipidwa pakulinganiza bwino paciyambi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Ndipo tisaganize kuti zoterezi zinatha ndi nthawi ya atsamunda. Pa 18 February 2025 khoma la damu losungira zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa mumtsinje wa Mwambashi ndi kukafika mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku. Akatswiri a Engineering Institution of Zambia amene anapita kukafufuza anawerengera poyamba kuti malita pafupifupi 50 miliyoni ndiwo anatayika. Khoma la damu nalonso ndi comanga, lili ndi masamu ake, ndipo likagwa olira ndi alimi ndi asodzi amene sanafunsidwe n'komwe polimanga.

Kumanga mosamala cilengedwe

M'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, Papa Francis anatikumbutsa kuti dziko lapansi ndi nyumba ya ife tonse, ndi kuti likaonongeka oyamba kuvutika ndi osauka. Kodi ciphunzitso cimeneci cikhudza bwanji munthu amene akumanga zipinda zitatu ku Natuseko?

Tiyambe ndi simenti. Popanga simenti amaocha miyala ya laimu pamoto woopsa, ndipo akatswiri amati mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi magawo 7 kapena 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse, mpweya umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Ife amene tinaona cilala ca 2024, pamene cimanga cinauma m'minda ndipo magetsi a ku Kariba anasowa, sitifunikira kuuzidwa zambiri. Injiniya wabwino amadziwa pamene konkiriti ifunikadi ndi pamene ingoonongeka cabe. Nthawi zambiri womanga wopanda malangizo amathira simenti yambiri pamalo posafunika, n'kuumira pamalo pamene moyo wa nyumba wagona.

Njerwa zoocha nazo zili ndi mtengo wobisika, ndiwo mitengo ya m'nkhalango imene imathera m'uvuni. Lero kuli makina opanikiza dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, n'kutulutsa mabuloko olimba osafuna moto. Ena mwa mabulokowa amalumana okha, motero matope a simenti omangira amacepa. Nyumba yace imakhala yozizira bwino m'mwezi wa October. Koma dothi liyenera kuyesedwa poyamba, pakuti si dothi lililonse limene ligwira, ndipo kuno ku Kabwe pali cifukwa caciwiri coliyesera: tisatenge dothi, mcenga kapena miyala yocokera kufupi ndi mgodi ndi kukathira pabwalo kapena m'maziko a nyumba zathu, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo motani. Kutero ndi kuitanira poizoni pamalo pamene mwana adzakwawa.

Palinso nzeru zina zosafuna ndalama zambiri. Mazenera oikidwa moyang'anana amalowetsa mphepo ndi kuwala, n'kucepetsa magetsi. Denga lokhala ndi mipaipi yolandira madzi a mvula limathirira dimba ndi kuteteza maziko kuti asakokoloke. Matabwa a paini ocokera m'minda ya mitengo yobzalidwa, akathiridwa mankhwala a ciswe, amapulumutsa mitengo yacilengedwe. Koposa zonse, nyumba yokhala zaka 80 yasamala cilengedwe kuposa imene igwetsedwa ndi kumangidwanso patapita zaka 15.

Zida zatsopano, udindo wakale

Mainjiniya akale anali kuwerengera ndi pensulo kwa miyezi. Lero nyumba yonse imamangidwa coyamba m'kompyuta, ndipo injiniya angathe kuikankha ndi mphepo kapena kuisenzetsa katundu kuti aone pamene ingathyoke, njerwa ngakhale imodzi isanaikidwe. Tindege ting'onoting'ono touluka popanda munthu timajambula malo ndi kuyang'ana pansi pa milatho pamene munthu sangafike. Pali tizipangizo toyendetsa pakhoma timene timaonetsa ngati zitsulo zilimo m'konkiriti ndi pamene zagona. Luso lotere ndilo linathandiza pa nchito zazikulu za masiku ano, monga mlatho wa Kazungula wa mamita 923, umene unatsegulidwa mu May 2021 ndipo unamangidwa mokhota kuti ulumikize Zambia ndi Botswana popanda kuponda malire a maiko oyandikana nawo.

Komabe kompyuta siithira madzi pakonkiriti. Konkiriti yatsopano ifunika kukhala yonyowa kwa masiku osacepera 7, ndipo mphamvu yake imayesedwa patapita masiku 28, pophwanya m'makina timabokosi ta konkiriti totengedwa pa tsiku lothira. Wina akacotsa matabwa ocirikiza msanga, kapena akaumba mabuloko oculuka kopitirira muyeso pa thumba limodzi la simenti, palibe makina angapulumutse nyumbayo. Ngakhale nyumba zazikulu za m'mizinda sizithawa lamulo limeneli. Mu October 2024 anthu ocita malonda mu Society Business Park ku Lusaka anauzidwa kuti atulukemo cifukwa ca nkhawa za kulimba kwa nyumbayo. Tiyamike kuti cenjezo linafika anthu asanavulale.

Njira ya ana athu

Makolo ambiri amalakalaka mwana atakhala dokotala, namwino kapena mphunzitsi. Tionjezepo injiniya pa maloto amenewa. Khomo lake ndi masamu ndi sayansi ku sekondale. Wokhoza bwino angapite ku University of Zambia ku Lusaka, kumene digiri ya uinjiniya imatenga zaka 5, kapena ku Copperbelt University ku Kitwe. Kuno kwathu tili ndi Mulungushi University, imene inakhazikitsidwa mu 2008, ndi Kabwe Institute of Technology yophunzitsa nchito zamanja ndi zaumisiri. Amene sanafike ku yunivesite asataye mtima, pakuti kampani ya uphungu imafunanso ojambula mapulani, oyeza malo, oyesa dothi ndi konkiriti, ndi oyang'anira nchito pamalo omangira. Ambiri anayambira pamenepo n'kukwera pang'onopang'ono.

Akatsiriza maphunziro, lamulo la mu 2010 lifuna kuti alembetse ku Engineering Institution of Zambia asanayambe kugwira nchito ya uinjiniya, ndipo wacinyamata amayamba waphunzira pansi pa akuluakulu kwa zaka zingapo asanaloledwe kusaina yekha. Atsikana athu tisawatsekereze ndi mau akuti iyi ndi nchito ya amuna. Masamu sadziwa kuti wagwira pensulo ndi mnyamata kapena mtsikana. Ndipo ndani angasamale za fumbi la Kabwe kuposa mwana amene anakulira momwemo?

Zimene tingacite m'maparishi

Malembo Oyera sanyoza nkhani zimenezi. Buku la Deuteronomo, mutu 22, linalamula womanga nyumba yatsopano kuika kampanda padenga kuti munthu asagwe, ndipo pa Luka 14 Ambuye Yesu, amene anakulira m'nyumba ya Yosefe mmisiri, anafanizira wophunzira wao ndi munthu amene amayamba wakhala pansi kuwerengera mtengo asanamange nsanja. Kuteteza moyo wa mnzathu ndi mbali ya lamulo lacisanu.

Motero tipempha makomiti a zomanga kuti, asanakumbe maziko a chalichi, holo, sukulu kapena thanki ya pamwamba, afune injiniya wolembetsedwa ndi kuona cikalata cake. Mapulani apite ku khonsolo kuti akavomerezedwe, ndipo kontrakitala akhale wolembetsedwa ku National Council for Construction. Ndalama ya uphungu ilembedwe m'bajeti kuyambira paciyambi, isakhale yotsalira. Chalichi cimasonkhanitsa anthu mazana pansi pa denga limodzi, ndipo denga lotambalala motero si la kuyerekeza ndi maso. Safunsa anadya phula.

Mabanja amene sangathe kulipira injiniya paokha angagwirizane m'magulu ao ang'onoang'ono a Akristu ndi kuitana katswiri mmodzi kuti aone malo angapo tsiku limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Nawonso mainjiniya ndi amisiri amene timapemphera nawo, tiwapempha apereke Loweruka limodzi kulangiza amasiye amene akumanga, ndi kuyankhula ndi acinyamata za nchito yao. Limenelo ndi limodzi mwa mathalente amene adzafunsidwa.

Pa 1 May, pokumbukira Yosefe Woyera Wanchito, tiwaike m'mapemphero onse amene amawerengera, kuyeza ndi kumanga, kuti akhale okhulupirika ngakhale pa zitsulo zokwiririka m'konkiriti zimene palibe munthu adzaziona. Ana a ana athu adzagona pansi pa madenga amene tikukhoma lero.