Fumbi la Shuga Lomwe Linagwetsa Fakitale

Madzulo a pa 7 February 2008, fakitale yoyenga shuga ya Imperial Sugar ku Port Wentworth, m'chigawo cha Georgia ku America, inaphulika. Antchito 14 anafa, ena 36 anavulala. Chomwe chinaphulika sichinali petulo kapena onga, koma shuga yemweyu timathira mu tiyi. Chinsinsi chake chili pa kusalala. Chikuni chimayaka pang'onopang'ono chifukwa mpweya umangochikhudza kunja, koma utuchi wouma ukaumwaza pamoto umalilima nthawi imodzi. Shuga, ufa, malasha ngakhale aluminiyamu zikasanduka fumbi louluka m'malo otsekeka, kamoto kothetheka kamodzi kamayatsa mtambo wonse, ndipo mpweya wotenthawo umakankha makoma pofuna potulukira.

Bungwe la boma lofufuza ngozi zotere, la Chemical Safety Board, linapeza kuti moto unayambira pa lamba wonyamula shuga pansi pa nkhokwe. Mu 2007 kampaniyo inatchinga lambayo ndi malata kuti zinyalala zisagwere mu shuga, koma sinaike choyamwa fumbi, choncho fumbi linadzaza m'katimo mpaka linakumana ndi chotentha, chomwe ofufuza anachiganizira kuti chinali beringi. Komatu kuphulika koyambako sikukanapha anthu ochuluka chotere. Kunagwedeza nyumba, n'kuulutsa shuga yemwe anaunjikana pansi, pa makina ndi pa mitanda ya denga, ndipo mtambo watsopanowo unayaka n'kugwedeza chipinda chotsatira, moto n'kumayenda choncho nyumba yonse. Pachifukwa ichi ndikunena kuti m'fakitale yotere kuchotsa fumbi si ukhondo chabe wosiyira wosesa. Ndi ntchito yoteteza moyo, yoyenera kuyang'aniridwa ndi bwana wamkulu.

Wina anganene kuti chofunika n'kuletsa moto: pasakhale wosuta fodya, mawaya akhale abwino, basi. Zimenezo n'zofunikadi, koma magwero a moto ndi ambiri ndipo amabisala: beringi youma girisi, lamba wokhula chitsulo, owotcherera, kamsomali kolowa m'chigayo pamodzi ndi chimanga. Palibe angalumbire kuti wawatseka onse tsiku lililonse kwa zaka makumi. Fumbi ndiye limaoneka ndi maso. Malangizo a bungwe loona za kupewa moto la NFPA ku America akhala akuchenjeza kuti fumbi lokhuthala mamilimita 0.8 okha, likayala malo aakulu, n'lokwanira kuphulika. Ngati munthu angalembe dzina ndi chala pa mtanda wa denga, ngozi yafika kale.

Chodandaula china ndi ndalama, poti kuimitsa makina kuti ayeretse n'kutaya phindu. Koma ofufuza aja anapeza makalata a m'fakitaleyo a m'zaka za m'ma 1960 ochenjeza za fumbi lomweli, ndipo mu 2010 kampaniyo inavomera kulipira boma chindapusa choposa madola 6 miliyoni, osawerengera kumanganso fakitale. Zimandiwawa kuti chidziwitsocho chinalipo zaka 40 anthuwo asanafe. Kuyeretsa nakonso kuli ndi njira yake. Kupemerera fumbi ndi mpweya wa kompuresa n'kwachangu, koma kumapanga mtambo womwewo tikuuopa. Fumbi liyamwidwe pomwe likutulukira, ndi makina osathetheka moto, ndipo nkhokwe zikhale ndi zitseko zofooka dala, zoyang'ana kunja, kuti zikaphulika mphamvu itulukire komwe kulibe anthu.

Shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa amayaka mofanana ndi wa ku Georgia, ndipo ufa wa chimanga nawo ndi chimodzimodzi. Chigayo cha pamudzi chimathandizidwa ndi mphepo yodutsa pakhomo ndi m'mawindo. Chikakula n'kukhala ndi nkhokwe, mapaipi ndi malamba otchingidwa, mphepo ija sifikamonso, ndipo woyendera chitetezo ayenera kukwera makwerero n'kupititsa chala pamwamba pa mitanda.