Makina Osokera a Agogo Sadafe, Angogona

M'nyumba zambiri za m'boma lathu lino la Mulanje muli chuma chimene eni ake sachiŵerengera. Tikunena makina osokera akuda aja, a maluŵa agolide, amene angoima pangodya atafunditsidwa chitenje chakutha, pamwamba pao patakhala nyale kapena wailesi. Tsiku lina tikuyendera odwala tidapeza mai wina wamasiye akunenerera mtengo ndi mnyamata wogula zitsulo zakutha. Mnyamatayo adali atapachika kale sikelo yake pa nthambi ya mango, kuti makina amene adalipirira ana sukulu aŵayese ngati makasu othyoka. Tidaŵapempha maiwo kuti ayambe adikira sabata imodzi. Lero mdzukulu wao akusoka mayunifolomu a ana a sukulu pa makina omwewo.

Kumene adachokera

Isaac Singer wa ku America adalembetsa makina ake ku boma m'chaka cha 1851, koma ochuluka a makina a Singer amene adafika kuno adapangidwa ku Clydebank m'dziko la Scotland. Tauni imeneyi ili m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, womwewo umene umadzera pa Blantyre wa kumeneko, kwao kwa David Livingstone. Fakitaleyo idayamba ntchito m'zaka za m'ma 1880 ndipo idatsekedwa mu 1980. Mukamva telala akutchula 15K, 99K kapena 201K, dziŵani kuti K ameneyo akuimira Kilbowie, malo amene padali fakitale. Nambala yaitali yodindidwa pa thupi la makina, cha kudzanja lamanja, ndiyo imaulula chaka chimene adapangidwa. Mwana wodziŵa intaneti angathe kukupezerani chakacho pa foni.

Ena mwa makinaŵa adabwera ndi makolo athu pochokera ku Joni ndi ku Halale, pamodzi ndi njinga ndi sutikesi. Pambuyo pake kudafika a Butterfly ochokera ku China ndi a Usha ochokera ku India. Ambiri a iwo adatengera kapangidwe ka Singer 15, motero singano ndi mabobini ao zimaloŵana. Ichi ndicho chifukwa chake makina okalamba sasoŵa zipangizo.

Kuŵadzutsa kwake

Mdani wamkulu wa makina kuno kunsi kwa phiri ndiye chinyezi. Mvula imene imakometsa tiyi ndiyo imadyetsanso chitsulo dzimbiri, ndipo namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adasiya katundu wambiri m'matope. Komabe gudumu likakana kuzungulira musafulumire kunena kuti makina afa. Kaŵirikaŵiri ndi mafuta akale amene auma ndi kugwirana ndi fumbi.

Poyamba chotsani singano, bobini ndi kachitsulo kophimba pansi pa singano. Pamenepo mudzaona mano okoka nsalu atadzaza ndi nyenyeswa za ulusi. Zichotseni ndi mswachi wakutha. Kenaka dontheza­ni palafini paliponse pamene chitsulo chikhudzana ndi chinzake, ndipo muŵasiye makinawo agone usiku wonse. M'maŵa mwake gwedezani gudumu pang'onopang'ono, uku ndi uku. Likakanabe, dontheza­ninso ndi kudikira. Nyundo ndi mphamvu zilibe malo pa ntchito imeneyi, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Gudumu likamasuka pukutani palafini yense, ndipo muike mafuta enieni a makina osokera, dontho limodzi pa bowo lililonse. Mafuta ophikira ndiwo ai. Ife tidayesapo tili achinyamata. Makina adayenda bwino masabata ochepa, kenaka adamatirira ngati ulimbo. Musakwechenso thupi lao ndi mchenga kapena sopo, chifukwa maluŵa agolide aja akafufutika sabweranso. Kansalu kofeŵa konyoŵetsedwa ndi mafuta omwewo nkokwanira.

Lamba wa chikopa akatha, gulani wina, mumdule pa muyeso ndi kumlumikiza ndi kawaya. Makina akamadumpha misoko, yambani mwasintha singano ndi kuona ngati yaloŵa molunjika. Ulusi ukamachita mfundo kunsi kwa nsalu, cholakwa chili pa ulusi wa pamwamba: mwina walakwika njira, mwina walekerera. Zikapitirira apa, atelala a pa Chitakale ndi pa Limbuli alipo, ndipo funso silichititsa manyazi.

Tizitsulo ta m'kabokosi

Pali chinthu china chimene chimatimvetsa chisoni koposa dzimbiri. Makina atsopano ankabwera ndi kabokosi ka tizitsulo tomangirira pa malo a kaphazi kopondereza nsalu. Kena nkopinda mpendero woonda wa duku kapena mpango. Kena nkokoka makwinya a diresi la mwana. Kena nkokulunga kansalu m'mphepete mwa khosi la malaya, kena nkosokera zipi. Ena adagulanso kachipangizo kosokera mabowo a mabatani. Popeza ambiri sadauzidwe ntchito yake, tizitsuloti tidamwazikana: tina tili m'chitini cha misomali, tina ana adamangira pa magalimoto ao a mawaya.

Tikupempha banja lililonse kuti lifunefune tizitsulo timeneti. Mukatipeza titsukeni ndi palafini, tipakeni mafuta pang'ono ndi kutisunga m'chitini chotseka bwino, pamodzi ndi mabobini ndi kabuku ka malangizo ngati chiswe chidakasiya. Muli ndi tiŵiri tofanana? Sinthanani ndi mnzanu amene ali ndi kamene inu mulibe. Amai a Mvano akakumana angathe kubweretsa zitini zao ndi kuphunzitsana, chifukwa mpendero umene umatha theka la tsiku ndi singano ya pamanja, kachitsulo kaja kamautsiriza madzi a nsima asanaŵire.

Mau kwa achinyamata

Ku Britain kuli bungwe la Tools for Self Reliance, limene anthu ake odzipereka akhala akukonza makina akale ndi kuŵatumiza ku maiko a mu Africa, kuphatikizapo Malaŵi. Kodi si zodabwitsa kuti ena akhala akuolotsa nyanja chinthu chimene ife tikugulitsa pa sikelo?

M'kalasi timaona ana obwera ndi malaya ong'ambika pa phewa, osoŵa woŵasokera. Timaonanso anyamata ndi atsikana otsiriza Folomu 4 atangokhala pa msika kudikira ntchito. Nzoona kuti kaunjika adachepetsa ntchito ya atelala, koma kaunjika yemweyo amafuna womchepetsa ndi womsintha zipi, ndipo yunifolomu ya sukulu siipezeka m'belo. Makina opondera safuna magetsi. Magetsi akazima, iwo amangolirabe. Akulu adati ukaipa dziŵa nyimbo.

Tsono inu makolo, musanaitane wa sikelo, vundukulani chitenje chija. Itanani mwana, mumpatse mswachi ndi botolo la palafini, ndipo mumuuze amene adagula makinawo ndi kumene adaŵagula.