Kodi mumadziwa? Ubongo wa wokonda intaneti mopitirira

Makina a MRI amajambula ubongo popanda kung'amba mutu. Mtundu wina wa makinawa, fMRI, umaonetsa mbali imene magazi akuthamangira kwambiri, kutanthauza kuti pamenepo ndi pomwe pakugwira ntchito panthawiyo.

Mu 2009, akatswiri a ku Taiwan anagoneka m'makinawa anyamata okonda masewera a World of Warcraft n'kumawaonetsa zithunzi za masewerawo. Mbali za ubongo zomwe zinatakataka ndi zomwezo zimene zimadzuka munthu wa mankhwala ozunguza bongo akagwidwa ndi chibaba. Mu 2012, kafukufuku wa ku China anayerekeza achinyamata 17 osatha kusiya intaneti ndi anzawo 16, ndipo anapeza kusiyana m'timitsempha tonyamula mauthenga kumbali zothandiza kudziletsa ndi kupanga ziganizo.

Komatu tisathamange. Anthu 17 ndi ochepa zedi. Ofufuza a ku University College London atasonkhanitsa kafukufuku 12 mu 2024, ofufuzidwa onse pamodzi anali achinyamata 237 okha, ndipo kafukufuku yenseyo anachitikira ku Asia. Chithunzi chojambulidwa kamodzi sichinenanso chomwe chinayamba: kodi intaneti ndiyo inasintha ubongo, kapena ubongowo unali wotero kale n'chifukwa chake mwanayo anakodwa?

Bungwe la WHO linaika vuto la masewera a pakompyuta pamndandanda wa matenda mu 2019. Dokotala amalizindikira pofunsa za khalidwe la munthu, kawirikawiri la miyezi 12, osati pojambula mutu.