Kuchotsa Zikhadabo Zomata Popanda Kuvulaza Zala

Nkhani ya lero ndi ya amayi ndi atsikana, koma abambo nanunso musachoke pafupi ndi wailesi, pakuti m'kati mwake muli mawu okhudza moto, ndipo moto ukabuka m'nyumba susankha munthu.

Ukwati udatha bwino, anthu adavina, mkwatibwi ndi operekeza ake adakongola m'zithunzi. Tsopano papita masabata atatu. Zikhadabo zija adamata ku saluni zasiya mpata cha kumunsi, chifukwa zenizeni zapitiriza kukula. China chayamba kutukuka m'mbali, ndipo chikumakola m'zovala pochapa. Ndalama yobwererera ku saluni palibe, kapena saluniyo ili kutali. Wina ndi namwino amene tchuthi chake chatha, ndipo akudziwa kuti malangizo amene bungwe la WHO lidatulutsa mu 2009 salola wogwira odwala kukhala ndi zikhadabo zoikirira, popeza zimasunga tizilombo ta matenda. Pamenepo ambiri amangotenga mpeni, lumo kapena mano awo omwe, n'kuyamba kumatula. Lero tikambirane chifukwa chake kutero kuli kulakwa, ndi njira yochotsera zikhadabo za acrylic pakhomo zala n'kutsala zabwinobwino.

Tiyambe ndi kuchidziwa chinthucho. Womata zikhadabo amatenga kabulashi, nakaviika m'mankhwala amadzi, kenaka mu ufa wake. Ziwirizi zikakumana zimasanduka phala, ndipo phalalo akalipaka pa chikhadabo limauma m'mphindi zowerengeka n'kukhala pulasitiki wolimba. Pulasitiki ameneyu ndi wa banja limodzi ndi uja madokotala amapangira mano oikirira. Ubale umenewu uli ndi mbiri yake: m'zaka za m'ma 1950 dokotala wa mano wa ku Philadelphia m'dziko la America, dzina lake Fred Slack, adathyoka chikhadabo ali pa ntchito, nachikonza ndi mankhwala a mano omwewo, ndipo malonda a zikhadabo za acrylic adakula kuchokera pamenepo. Tsono taganizirani: chinthu chimene chidapangidwa kuti chipirire kutafuna, kodi chingagonjere mano anu?

Chimene chimagonja ndi chikhadabo chanu chobadwa nacho. Icho n'chopyapyala, pafupifupi theka la milimita imodzi, ndipo chili ndi timagawo tambiri tosanjikizana ngati mapepala a m'kope. Asanapake phala lija, womata amayamba wachipala kuti chikhale chokhakhala, phalalo ligwire bwino. Motero mukamatula mwamphamvu, pulasitiki amachoka atanyamula timagawo tapamwamba, ndipo chotsalacho chimakhala chofewa, chong'ambika msanga, chowawa chikakhudza madzi otentha. Nthawi zina chikhadabo chimalekana ndi mnofu wa pansi pake, magazi n'kutuluka. Chikhadabo chopalikacho sichidzikonza chokha ayi. Muyenera kudikira kuti chatsopano chimere. Chikhadabo cha m'manja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi, ndipo kuti chonse chisinthike pamapita miyezi yofika 6. Kupupuluma kwa mphindi 5 munthu amakulipira kwa theka la chaka.

Amayi, inu mukudziwa kale chochita ndi nkhoko zokanirira m'poto. Wopupuluma amakokota ndi mpeni mpaka kukanda poto. Wodekha amathiramo madzi, nasiya, ndipo pobwera apeza nkhoko zitamasuka zokha. Zikhadabo za acrylic n'chimodzimodzi, kungoti madzi sazifewetsa, ngakhale otentha, ngakhale a sopo. Chozifewetsa ndi mankhwala otchedwa acetone, amene amalowerera m'pulasitiki uja, namufufumitsa mpaka kumasuka. Lamulo lake ndi limodzi: chikhadabo chomata chimanyikidwa, sichizulidwa.

Acetone amapezeka m'masitolo ogulitsa mankhwala ndi m'masitolo a zodzoladzola. Werengani bwino mawu a pa botolo. Mankhwala ena ochotsera utoto wa zikhadabo alibe acetone, ndipo amenewo acrylic samutha, mudzangotaya nthawi. Musayerekeze petulo, parafini kapena thina wa penti, pakuti zimenezo zimaotcha khungu. Musagulenso mankhwala otsanulidwa m'kabotolo kopanda dzina. Kuli mankhwala ena a dzina lofananako, acetonitrile, amene akalowa m'thupi amasanduka poizoni wa cyanide. Mu 1988 madokotala a ku America adalemba za mwana wosakwana zaka 2 amene adamwalira atamwa mankhwala ochotsera zikhadabo zomata okhala ndi acetonitrile. Mayina awiriwa ayamba mofanana, koma zinthuzo n'zosiyana kutalitali.

Tsopano mawu a moto aja. Acetone amayaka msanga ngati petulo. Madzi amawira pa madigiri 100, koma iye amawira pa madigiri 56 okha, kotero botolo likangotsekulidwa amayamba kuuluka. Mpweya wake ngolemera kuposa uwu timapumawu, ndiye sukwera kudenga ngati utsi. Umakwawa pansi mosaoneka, ndipo ukafika pa mbaula imene ili kuseri kwa chitseko, moto ungathe kuutsata mpaka pa botolo, mpaka pa zala zimene zakulungidwa m'thonje lonyowa. Chifukwa chake ntchito imeneyi ichitike masana, pakhonde kapena pafupi ndi zenera lotsekula, kutali ndi khitchini. Pasakhale mbaula, kandulo, koloboyi, machesi kapena munthu wosuta fodya. Ngati mwayamba madzulo ndipo magetsi azima, musayatse kandulo kuti mumalize. Masulani zala, sambani m'manja, mudzapitiriza mawa. Ena amati acetone wofunda amagwira ntchito msanga. N'zoona, koma asaikidwe pa moto, pa mbaula ya magetsi kapena mu microwave. Chololedwa n'kukhazika kambale kake m'mbale ina ya madzi ofunda chabe, otenthetsedwa kwina.

Malo akapezeka, sonkhanitsani zipangizo izi: acetone, thonje, pepala lonyezimira lokulungira zakudya lija timati foyilo, chowengera zikhadabo, chopalira zikhadabo, kamtengo kosalala ka nsonga yobuntha, ndi mafuta a Vaseline. Yalani nsalu yakale pa tebulo, pakuti acetone amadya vanishi ndi mapulasitiki ena. Itanani mnzanu akuthandizeni. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, nanji zala khumi zomangidwa m'foyilo. Ngati muli nokha, yambani dzanja limodzi, likatha mutenge linalo.

Choyamba, wengani utali wonse wa chikhadabo chomatacho kufika pamene pathera chanu. Dulani pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, chifukwa mukachitsina pakati kamodzin'kamodzi chimang'aluka, ndipo mng'aluwo ungafike ku mnofu.

Chachiwiri, palani pamwamba mpaka kunyezimira konse kutha ndipo pulasitiki wapyapyala. Utoto wonyezimira uja umatchinga acetone kuti asalowe. Koma lekani musanafike pa chikhadabo chanu. Mukamva kutentha pansi pa chopalira, mwapala kokwanira. Fumbi lake musalipume.

Chachitatu, pakani Vaseline pa khungu lozungulira chikhadabo ndi kunsonga kwa chala, pakuti acetone amayamwa mafuta a khungu, nalisiya loyera ndi louma. Pa pulasitiki penipenipo musapake.

Chachinayi, nyowetsani kathonje ndi acetone, kaikeni pa chikhadabo, ndipo kulungani chala ndi foyilo mothina bwino kuti mankhwala asauluke. Chitani chomwecho ndi zala zonse, ndipo dikirani mphindi 20 mpaka 30. Ngati foyilo palibe, nyikani nsonga za zala m'kambale ka galasi kapena kadongo konyezimira kwa nthawi yomweyo, koma njira imeneyi imaumitsa khungu kwambiri. Musamasuzumire kawirikawiri, chifukwa mpweya ukalowa pulasitiki amayambanso kulimba.

Chachisanu, masulani chala chimodzi. Pulasitiki akhale atafewa ngati chingamu chotafunidwa. Mukankheni ndi kamtengo kaja mofatsa, kuchokera kumunsi kupita kunsonga. Chimene chachoka chokha, chichoke. Chimene chakana, musachikakamize: kulunganinso ndi thonje latsopano kwa mphindi zina 10, ndipo bwerezani mpaka zonse zitatha. Ntchito yonse ingadye ola lathunthu kapena kupitirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga ngati ola lapita ndipo chikhadabo chikadali gwa ngati mwala? Mwina womata adagwiritsa ntchito mankhwala otsika mtengo otchedwa MMA m'malo mwa EMA amene ali oyenera zikhadabo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 bungwe la FDA la ku America lidachotsa pa msika mankhwala a zikhadabo a MMA yekhayekha, anthu atadandaula za zilonda ndi kuwonongeka kwa zikhadabo. Zikhadabo zotere zimalimba kopitirira muyeso, ndipo acetone amazifewetsa movutikira. Pamenepo musalimbane nazo. Palani pang'ono, nyikani, pumulani, mawa muchitenso. Kapena pitani kwa womata wodziwa ntchito yake. Ndipo ulendo wina, musanapereke manja anu, funsani dzina la mankhwala amene ali m'botolo.

Pali nthawi zina pamene simuyenera kuyamba n'komwe ntchito imeneyi pakhomo. Ngati chala chatupa, chafiira, chikupweteka kapena chikutuluka mafinya. Ngati pali bala. Ngati chikhadabo chathyoka pamodzi ndi chanu, pitani ku chipatala, pakuti acetone pa bala amawawa ngati moto. Odwala matenda a shuga asamale koposa, chifukwa mabala awo amachedwa kupola. Mukachotsa pulasitiki n'kupeza banga lobiriwira, dziwani kuti madzi adali kulowa pa mpata uja, ndipo tizilombo totchedwa Pseudomonas tidamangamo. Musaliphimbe ndi chikhadabo china kapena utoto; sungani chalacho chouma, ndipo likamakula kapena kuwawa kaonetseni ku chipatala. Ngati khungu lozungulira zikhadabo likuyabwa, likusenda kapena latuluka matuza, mwina thupi lanu layamba kudana ndi mankhwala a acrylic. Mu 2018 bungwe la madokotala a khungu a ku Britain, British Association of Dermatologists, lidachenjeza anthu za kuchuluka kwa vuto limeneli. Thupi likayamba kudana nawo kawirikawiri silisiya, ndipo popeza mankhwala a banja lomweli amagwira ntchito pomata mano, mudzamuuze dokotala wa mano asanakugwireni.

Zonse zikachoka, sambani m'manja ndi sopo, ndipo pakani mafuta pa zikhadabo ndi pa khungu, m'mawa ndi madzulo. Kuyera kumene mudzaone tsiku loyamba n'kuuma chabe, kudzatha. Wengani zikhadabo zikhale zazifupi, ndipo zipatseni masabata angapo opumula musanamatenso. Thonje lonyowa lija musaliponye pa moto. Liyanikeni panja liume, ndipo kenaka mulitaye. Botolo litsekeni zolimba, liikeni pamwamba pamene mwana sangafike. Acetone amaoneka ngati madzi, choncho musamutsanulire m'botolo la zakumwa. Akagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Mwana akamwa, musamusanzitse. Thamangirani naye ku chipatala mutanyamula botololo.

Omvera athu, kudzikongoletsa si mlandu, ndipo palibe akukuletsani kumata zikhadabo pa tsiku la chisangalalo. Koma manja omwewo mawa adzachapa, adzaphika, adzalemba pa bolodi, adzasambitsa mwana. Tsiku lochotsa likafika, sankhani masana, thimitsani moto, nyikani zala, ndipo dikirani. Mnzanu amene sadamve nkhaniyi mukamuona waika chikhadabo pakati pa mano, mgwireni dzanja, mumukumbutse za nkhoko za m'poto.