Mayi wa ku Tianjin wasiya jakisoni, akudya shuga

Ali ndi zaka 25 zokha, mayi wina wa ku Tianjin m'dziko la China anali ataona kale zokhoma. Kwa zaka 11 ankadalira jakisoni wa insulini chifukwa cha matenda a shuga a mtundu woyamba, aja amene chitetezo cha m'thupi chimaukira kapamba n'kupha timaselo topanga insulini. Shuga wake ankangolumpha, pena kukwera, pena kutsika moopsa. Chiwindi anamuika china kawiri konse. Anamuikanso kapamba wina, koma uyo anabweretsa mavuto mpaka anamuchotsa.

Kenako kunabwera gulu la Deng Hongkui wa ku Peking University ndi nzeru yodabwitsa. Anatenga maselo m'mafuta a thupi la mayiyo, n'kuwaika m'mankhwala amene anawabweza kuubwana, pamene selo lingathe kusanduka chilichonse. Apo anawasandutsa timagulu ta maselo opanga insulini. Mafuta omwe aja timawada pagalasi! Mu June 2023, madokotala ku Tianjin anabaya timagulu pafupifupi 1.5 miliyoni m'minofu ya pamimba, ntchito yosakwana ndi theka la ola lomwe. Nthawi zambiri maselo otere amawaika m'chiwindi, koma pamimba n'posavuta kuwaona ndi makina a MRI, ngakhale kuwachotsa akayamba kuvuta.

Patangotha masiku 75, jakisoni anatha ntchito. Kale shuga wake ankakhala pamlingo woyenera 43 peresenti ya nthawi. Pambuyo pake anapitirira 98 peresenti, ndipo chaka chinatha osabayanso insulini. Nkhaniyi inatuluka m'magazini ya Cell mu September 2024.

Nanga kapamba wake anachira? Ayi, ali momwemo. Ntchito yake yopanga insulini inangosamukira pamimba, ndipo kwa ine apa ndi pamene pakoma kwambiri: asayansi sanalimbane ndi kukonza chiwalo chowonongeka, anangotsegula fakitale ina pambali. Chenjezo lilipo ndithu. Mayiyu ankamwa kale mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi chifukwa cha chiwindi chija, choncho sizinaoneke ngati chitetezocho chikanaukiranso maselo atsopanowo.

Koma mwini wake, polankhula ndi a magazini ya Nature, ankangokamba za chakudya. Anati tsopano akutha kudya shuga, ndipo akusangalala ndi chilichonse, makamaka hotpot, mphika uja wobwadamuka umene anthu a ku China amauzungulira n'kumaviikamo nyama ndi masamba.