Tsitsi la Mwana wa Kunyanja

Mwana wokulira ku Makuzi, pa gombe la Chintheche, kufupi ndi mishoni yakale ya Bandawe imene Dr Robert Laws anakhazikitsa mu 1881, amasamba m'nyanja pafupifupi tsiku lililonse. Thupi limakondwa, koma tsitsi ndilo limazunzika.

Chifukwa chake n'chakuti tsitsi lopotana silobulungira monga ulusi. Ndi lophwatalala ndiponso lopindikapindika. Mafuta achibadwa otuluka pakhungu la kumutu amalephera kudutsa m'mapindiko onsewo kuti akafike kunsonga, motero tsitsi limauma msanga n'kumaduka pamene lapindika. Dzuŵa la m'mwezi wa Okutobala, mchenga, ndi sopo wochapira zovala amene ambiri amasambiranso kumutu, zimangowonjezera vutolo.

Mdani wamkulu ndi chipeso cholowetsedwa m'tsitsi louma. Mayi wodziŵa amayamba walinyowetsa, naligaŵa zigawo zinayi, namasula mfundo ndi zala. Kenaka amatenga chipeso cha mano otalikirana, kupesa kuyambira kunsonga kutsikira kumizu. Mwana akamalira popesedwa, kaŵirikaŵiri wolakwa ndi wopesayo.

Agogo akale ankakazinga nthanga za nsatsi, kuzisinja, kuziŵiritsa m'madzi, ndi kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Nzeru imeneyi siinathe ntchito, kungoti nthangazo n'zapoizoni ndipo zisasiyidwe pofikira ana. Koma pali chinthu chimene ambiri sachimvetsa: mafuta, kaya a nsatsi kaya Vaseline, sanyowetsa tsitsi. Ntchito yake ndi kutsekera madzi amene ali kale m'katimo. Odzola tsitsi lili gwaa amangoliŵalitsa, nakopanso fumbi. Adzole likadali lonyowa pang'ono, ndipo usiku amange duku losalala.

Kuluka, kapena kumanga ndi ulusi wakuda, kumapumitsa tsitsi kwa masabata angapo. Choipa ndi kukoka mopambanitsa pofuna kuti malukidwe akhalitse. Mtsikana akalephera kugona usiku woyamba, kapena tiziphuphu tikatuluka m'mphepete mwa mphumi, malukidwewo amasulidwe, ngakhale ndalama zapita. Mizu yokokedwa zaka zambiri imafa, ndipo dazi lotere silimeranso. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi. Lothothoka m'sabata imodzi lingafune chaka kuti libwerere. Mankhwala owongolera tsitsi nawo, ambiri okhala ndi sodium hydroxide, amatentha khungu akakhalitsa kumutu, ndipo sayenera mwana.

Aphunzitsi nkhaniyi ikuwakhudza. M'zaka za m'ma 1970, pa ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, mwamuna wa tsitsi lalitali ankaonedwa ngati wophwanya lamulo, ndipo kumeta kunakhazikika m'sukulu monga chizindikiro cha mwambo. Mu Meyi 2023, bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, pa chigamulo cha Justice Zione Ntaba, linalamula kuti sukulu za boma zilandire ana a Chirasta osawakakamiza kudula tsitsi lawo.

Tsono mphunzitsi wofola ana m'maŵa angachite bwino kuyang'ana khungu koposa kutalika kwa tsitsi. Zipere zimafala kudzera m'chipeso chobwerekana ndi makina ometera osatsukidwa, ndipo za kumutu sizimva mafuta odzola okha. Zimafuna mankhwala akumwa. Mwana wa kadazi koyera kamamba atumizidwe kuchipatala ku Chintheche asanapatsire anzake a pa benchi limodzi.