Sankhani Bwino Zoseweretsa za Ana Anu

Nyengo ya Khirisimasi ikafika, masitolo a mu Cairo Road ndi ku Kamwala amadzala ndi zidole, tumagalimoto ndi mabaluni. Kholo liri lonse limafuna kukondweretsa mwana wace. Koma makolo, musanaturutse ndalama, yambani mwaganizira msinkhu wa mwanayo.

Mwana wosakwana zaka 3 amaika m'kamwa ciri conse cimene watola. Njira yace yopumira ndi yaing'ono, ndipo kanthu kakatsekapo akhoza kufa m'mphindi zocepa. Yesani motere: tengani kapepala kolimba kozungulira ka m'kati mwa tishu ya ku cimbudzi. Coseweretsa cikalowa m'kati mwace, musacipereke kwa mwana wa msinkhu uwu. Kokani maso a cidole ndi mawilo a kagalimoto, muone ngati sangacoke. Pa bokosi mukaona nkhope ya mwana yodulidwa ndi mzere wofiira ndi manambala 0-3, dziwani kuti si ca makanda. Mabaluni osapopa kapena ophulika asakhale m'manja mwa ana osafika zaka 8. Cingwe cacitali naco cikhoza kukulunga khosi la khanda.

Coopsa cina ndi tumabatire tozungulira ngati ndalama yacitsulo, topezeka m'zoseweretsa zoyimba ndi zowala. Mwana akameza kamodzi ndipo kakakamira pakhosi, kamayamba kuwotcha m'mero, ndipo m'maora 2 okha cironda cikhoza kukhala cacikuru. Gulani cokhaco cimene malo a batire ndi otsekedwa ndi sikuluu. Ngati mukuganiza kuti mwana wameza batire kapena maginito, musamsanzitse ndipo musadikire kuti kuce. Thamangirani naye ku cipatala ca UTH kapena ca Levy Mwanawasa.

Cenjeraninso ndi penti. Mtovu umaononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono, monga taonera ku Kabwe kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma dothi linatsala ndi ululu. Mu 2007 kampani ya Mattel inabweza zoseweretsa zambirimbiri cifukwa ca penti wa mtovu. Mtengo wokwera si citsimikizo ai. Wogula ku Kabulonga kapena ku Woodlands ayang'anitsitse monga wogula pa Soweto Market. Coseweretsa cimene penti wace akukanganuka cisiyeni.

Zidole za nsaru za pa salaula zicapeni ndi sopo, ziume padzuwa, ndipo sokani pamene pang'ambika.

Zopanga ana okha nazo ndi zabwino. Galimoto ya waya imaphunzitsa mnyamata luso, koma pindani nsonga za wayayo kuti zisamlase m'diso. Mpira wa cimpombwa ulibe bvuto, koma mapulasitiki otsala atayeni. Atsikana akatha kusewera ciyato, miyala isatsale pakhonde pamene mng'ono wao amakwawa.

M'nyumba zathu za ku Kabwata ndi Chelstone ana a misinkhu yosiyana amasewera pamodzi. Uzani akuruakuru asunge zao pamwamba, ndipo pamapeto a sabata yang'anani zonse, zothyoka muzitaye.